Kukagwira ntchito yodzipereka kunja: kodi munthu amakakhala bwanji kwa eni?

Tiyamike (Chamama):
Moni akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino. Ndakhala ndikungowerenga zomwe mumakambirana osayankhapo kanthu, koma lero ndabwera ndi funso langa. Ndasankhidwa kukagwira ntchito yodzipereka ku Germany kwa chaka chimodzi kudzera mu pulogalamu ya weltwärts, ndipo andiuza kuti ndizikathandiza pa nyumba yosungirako okalamba m'tauni ina yaing'ono, ndikumagona kwa banja lomwe lavomera kundisunga. Za mapepala, viza ndi tikiti ya ndege akutithandiza a bungwe lotitumiza, choncho sindikufunsa zimenezo. Chomwe chikundisowetsa tulo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Kodi munthu akadzuka m'nyumba ya eni amatani, amadya chiyani, amacheza ndi yani, nanga Lamlungu amalithera kuti? Mayi anga akuti ndikawonda, agogo akuti ndikaiwala Chichewa, pamene amalume ayamba kale kuwerengera ndalama zomwe ndizikatumiza. Ndikupempha amene munapitako kunja pa ntchito yotereyi, kaya ndi dziko liti, mundiuze zoona zake, osati zongondilimbitsa mtima.

Mayi Nabanda (Kasungu boma):
Tiyamike mwanawe, wachita bwino kufunsa. Panopa ndili pa ntchito kuchipatala, choncho zanga ndilemba usiku ndikaweruka. Koma a Madalitso ali pa gulu pomwe pano ndipo anabwerako kumene kumeneko, ayambe ndi iwowo.

Madalitso (Mtunthama):
Achemwali a Tiyamike, ndikuyamikireni kaye, chifukwa ofunsira mwayi umenewu ndi ambiri. Ine ndinapita pa pulogalamu yomweyo mu Seputembala 2023 n'kubwerako mu Ogasiti 2024, ndipo ntchito yanga inali ngati yanuyo, m'tauni ina kufupi ndi Hannover. Pulogalamuyi anaiyambitsa mu 2008 kuti achinyamata a ku Germany azibwera kumayiko ngati kwathu kuno, ndipo mu 2013 ndi pamene anatsegula njira yoti ifenso tizipita kwawoko. Ndikunena izi kuti musakadabwe ena akamakakufunsani kawiri kuti mwabwera kudzatani, pakuti m'maganizo mwa ambiri wothandiza ndi amene amapita ku Africa, osati wochokerako.

Ntchito yeniyeniyo sinandivute kwenikweni, pakuti kudyetsa munthu wokalamba, kumuyendetsa pa chikuku ndi kumuyalira pogona ndi zinthu zomwe aliyense wokulira pafupi ndi agogo amazidziwa. Chimene chinandizunguza mutu ndi nyumba yomwe ndinkagonamo. Nditangofika, chikwama ndisanamasule n'komwe, mayi a pakhomopo ananditengera kuseri kukandionetsa katayidwe ka zinyalala: mapepala pawokha, mapulasitiki ndi zitini m'thumba lachikasu, makoko ndi zotsala za chakudya pazokha, kenako zina zonse zosalowa m'magulu amenewa. Mabotolo agalasi umanyamula wekha kukaponya m'mabini akuluakulu a pamsewu, oyera kwawo, obiriwira kwawo, abulauni kwawonso. Botolo lapulasitiki la zakumwa sutaya, chifukwa pogula umalipiriratu 25 cent yomwe amaitcha Pfand, ndipo ndalamayo imabwerera ukalilowetsa m'makina a kusitolo. Chokhachi ndicho ndinachimva msanga, popeza n'chimodzimodzi ndi kubweza botolo la Fanta kugolosale.

Madzulo ake anaika patebulo buledi wakuda wosatenthetsa, tchizi, nyama yodula mopyapyala ndi timagawo ta nkhaka. Ine ndinatenga kachidutswa kamodzi, poganiza kuti chakudya chenicheni chikadali pamoto. Atandifunsa ngati ndikufuna kuwonjezera ndinati ayi zikomo, monga mmene tinaleredwera, ndikudikira kuti andikakamize kachiwiri ndi kachitatu. Sanabwerezenso. Anachotsa mbale, n'kundifunira usiku wabwino, ndipo ndinagona ndi njala m'nyumba yomwe furiji yake inali yodzaza mpaka kuchitseko. Chakudya cha madzulo chimenecho amachitcha Abendbrot, ndipo m'mabanja ambiri chotentha amadya kamodzi kokha patsiku. Kumeneko mukakana mwaulemu, achemwali, iwo amakulemekezani pokukhulupirirani.

Bambo Mwale (Santhe):
Madalitso mwana wanga, wandiseketsa ndili ndekha pakhonde mpaka adzukulu akundiyang'ana. Unkakana chakudya iwe amene pa sukulu paja sunkasiya ngakhale mkute? Tatiuze za nsima, chifukwa mayi ake a mtsikanayu nkhawa yawo ili pomwepo.

Madalitso (Mtunthama):
Aphunzitsi, mwandiulula pagulu. Nsima imaphikika ndithu. M'sitolo wamba muli ufa wachikasu wokhakhala womwe amautcha polenta, ndipo nsima yake imafanana ndi ya chimanga chachikasu chija chomwe chimabwera m'zaka za njala. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa m'mizinda ikuluikulu, koma mtengo wake ndi wowawa. Tsiku lomwe ndinaphikira banja londisunga ndinathyola supuni yawo yamtengo pa kuvundula, chifukwa masupuni awo anapangidwira msuzi. Anadya ndi foloko ndi mpeni, n'kuyamikira, koma bambo a pakhomopo ananena mosabisa kuti nsimayo ilibe kukoma kulikonse. Zinandipweteka, ngakhale kuti kunena zoona nsima yopanda ndiwo zake ndi momwemo.

Pa za Lamlungu, konzekerani chete. Pafupifupi masitolo onse amatseka, kupatula a pa siteshoni ya sitima ndi pothirira mafuta, ndipo suloledwa kuchita phokoso, ngakhale kutchetcha kapinga. Tchalitchi cha m'tauni yathu chinali chachikulu kuposa chilichonse cha kuno ku Kasungu, koma tinkakhalamo anthu ochepa, ambiri aimvi, ndipo pakatha ola limodzi aliyense ankalowera kwawo. Kulibe zongotulukira pakhomo pa munthu n'kunena odi. Ngakhale mnzako wa pa ntchito amatsegula kalendala kaye n'kukupatsa tsiku la sabata ya mawa, ndipo akati 3 koloko ndiye kuti 3 koloko. Chinanso ndi ulemu wa m'mawu. Chijeremani chili ndi Sie ndi du, monga ife tilili ndi inu ndi iwe, ndiye apo tili ndi mwayi kuposa olankhula Chingerezi. Kwa okalamba a ku ntchito ndi Sie basi, pamodzi ndi dzina la bambo awo. Koma makolo ondisunga anandiuza kuti ndiziwatchula maina awo oyamba ndi kuwanena du, ndipo panatenga miyezi itatu lilime langa likukana kunena iwe kwa munthu wa msinkhu wa bambo anga.

Yamikani (Nkhamenya):
Pepani akuluakulu, ine ndikhala ngati ndikuthira madzi pamoto. Tisakometse zinthu. Mu 2011 dziko la Germany linaimitsa lamulo lokakamiza anyamata kulowa usilikali, ndipo anyamata amene ankakana usilikali n'kumagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba za okalamba anathera pomwepo. Mpata umene unatsalawo ndi womwe akuutseka ndi mavolontiya, ndipo aliyense akudziwa kuti dziko limenelo likusowa osamalira okalamba. Ndiye mwana wa ku Chamama achoke kuno, kumene agogo ake omwe akusowa wowatungira madzi, akasambitse agogo a eni pa ndalama ya sopo, ife n'kumati akukaphunzira chikhalidwe? Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndikufunanso a Madalitso atiuze za khungu, chifukwa nkhani imeneyo aidumpha.

Madalitso (Mtunthama):
Achimwene a Yamikani, simunaname. Lamulo lake limati volontiya asalowe m'malo mwa wantchito wolipidwa, koma masiku ena ogwira ntchito akachepa ndinkapezeka ndikuchita zoposa zomwe tinagwirizana. Chomwe chinandithandiza ndi chakuti pa chaka pamakhala masiku 25 a maphunziro, pomwe mavolontiya amakumana n'kufotokoza zomwe akukumana nazo. Ndinadandaula kumeneko mtima ukugunda, poopa kuoneka wamwano, koma nkhaniyo inakonzedwa ndipo palibe anandisungira chakukhosi. Anthu amene amakuuza poyera kuti nsima yako siikukoma amayembekezera kuti nawenso uwauze poyera.

Za khungu sindinazidumphe dala. M'basi yodzaza, mpando wa pambali panga unkatha kukhala wopanda munthu mpaka ndikatsike. Bambo wina wokalamba anakana kwa milungu ingapo kuti ndimudyetse, ndipo sanabise chifukwa chake. Zimenezi zimalasa, ndipo sindingauze achemwaliwa kuti sakakumana nazo. Koma m'tauni yomweyo munali kalabu ya mpira yomwe inandilembetsa sabata yachiwiri, ndipo anyamata ake ndi amene ankabwera kudzanditenga pa galimoto chisanu chitafika poti njinga sungapalase.

Mayi Nabanda (Kasungu boma):
Ndaweruka tsopano. Ine ndinapita ku Norway mu 2016 pa ndondomeko yosinthana ogwira ntchito yomwe nthawi imeneyo inkatchedwa FK Norway, lero ndi Norec, ndipo ndinakhala ku Bergen. Siinali ntchito yodzipereka ndendende ngati ya Tiyamike, koma moyo wake wa mlendo ndi womwewo.

Mwanawe, mdani wako woyamba si kuzizira, chifukwa m'nyumba mumakhala mofunda ndipo jekete amagula. Mdani ndi mdima. Mu Disembala ku Bergen dzuwa limatuluka cha m'ma 10 koloko n'kulowa isanakwane 4 koloko, ndipo mvula ya mzinda umenewo siisiya. Ndinkapita ku ntchito kuli mdima, kubwerako kuli mdima, ndipo pofika mwezi wachinayi ndinayamba kukwiya popanda wondiputa ndi kulira ndikamachapa. Ndine namwino, koma zinanditengera nthawi kuti ndizindikire kuti thupi lomwe linakulira pa dzuwa la ku Kasungu likudandaula. Kumene ukupitako masana a m'nyengo yozizira ndi otalikirapo pang'ono, koma usadzanyalanyaze zimenezi. Uzidzatuluka panja nthawi ya nkhomaliro ngakhale kukuzizira, ndipo ukadzaona kuti mtima walemera uzidzauza munthu.

Chomwe ndikufuna kutsindika ndi ichi. Kwa miyezi iwiri anthu a m'nyumba yosanja yomwe ndinkakhalamo sankandipatsa moni woposa kugwedeza mutu, ndipo ndinali nditawaweruza kale kuti ndi ouma mtima. Tsiku lina ndinapeza pepala pachitseko cha pansi lolembedwa kuti Loweruka kuli dugnad. Mnzanga wa ku ntchito anandimasulira kuti ndi tsiku lomwe onse okhala pamalopo amatuluka kukagwirira limodzi ntchito ya pabwalo popanda malipiro, ndipo anandilangiza kuti ndisajombe. Ndinavala chitenje pamwamba pa buluku, n'kutenga chokokolera masamba. Pasanathe ola, mayi yemwe ankandidutsa ngati mtengo pa masitepe anali akundifunsa za ana anga, wina akundionetsa mmene amamangira matumba, ndipo titamaliza tinakhala pansi kumwa khofi ndi timikate tawo. Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi anansi. Anthu aja samasuka pa moni ngati ife, amamasuka manja akakhala ndi chogwira. Ndiye kalabu ya mpira yomwe a Madalitso aitchula mongodutsa ndiyo nkhani yaikulu. Ukafika, ufunse za kwaya, za masewero, za chilichonse chomwe anthu amakumana pa tsiku loikika, ndipo ulembetse usanayambe kusungulumwa.

Za amalume akozo, ukhale nawo pansi usananyamuke, mayi ako ali pomwepo. Uwauze kuti chomwe ukalandire ndi cha sopo, ndipo uwatchulire mtengo wa kumeta tsitsi kapena wa basi kumeneko. Achibale amachulukitsa ndalama yakunja ndi mtengo wa kwacha, koma sachotsera zomwe umagula. Ine ndinachita manyazi kunena zimenezi poyamba, ndipo ndinatha miyezi ndikudya buledi yekha kuti nditumize ndalama ya feteleza.

Madalitso (Mtunthama):
Apo Mayi Nabanda alasa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, foni yanga sinapume sabata yonse, aliyense akundiuza kuti tsopano ndalemera. Sankadziwa kuti tikiti yokha yoyendera mabasi ndi sitima zapafupi mwezi wonse inali 49 euro.

Chisomo (Chulu):
Ndilowererepo kuti tisaiwale kuti kunja si ku Ulaya kokha. Ine ndinakhala miyezi 12 ku Kigali mu 2019 kudzera mu gulu la achinyamata odzipereka la African Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 2010. Ndinanyamuka ndi mtima woti ku Rwanda ndi kwathu komwe, anthu ndi akuda ngati ine, nyemba ndi zomwezi, ndiye palibe chophunzira. Kudzikhulupirira kumeneko ndi komwe kunandipunthwitsa. Mzungu akalakwitsa amamukhululukira chifukwa aliyense akuona kuti ndi mlendo, koma ine anthu ankandilankhula Chinyarwanda, ndikayankha m'Chingerezi ankandiona ngati mwana wa komweko wodzikweza.

Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa kumeneko kuyambira 2008, ndipo lamulolo si la papepala pokha. Kudya uku ukuyenda mumsewu, monga timachitira ndi chimanga chootcha kapena mzimbe, anthu amakuyang'ana mpaka umabisa wekha. Koma cholakwa changa chachikulu chinali china. Kwathu kuno kufunsana chiwongo ndi mtundu ndi njira yopezera chibale, ndipo Phiri akakumana ndi Phiri amayamba kale kuitanana achimwene. Ine ndinafunsa mnzanga wa mu ofesi kuti ndi wa mtundu wanji, tikudya nkhomaliro. Patebulo panagwa chete woopsa. Pambuyo pake mkulu wina ananditengera pambali n'kundiuza modekha kuti funso limenelo safunsa, chifukwa cha kuphedwa kwa anthu miyandamiyanda a mtundu wa Atutsi komwe kunachitika mu 1994. Mbiriyo ndinali nditaiwerenga, koma ndinali ndisanaganize kuti ili patebulo lomwe ndikudyerapo. Kuyambira pa 7 Epulo dziko lonse limalowa m'nyengo yokumbukira yomwe amaitcha Kwibuka, ndipo m'masiku amenewo ndinaphunzira kukhala pakati pa anthu osalankhula kanthu.

Zomwe Mayi Nabanda anena za dugnad kumeneko zilikonso, dzina lake ndi umuganda. Loweruka lomaliza la mwezi, kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 11, masitolo amatseka, magalimoto amaima, ndipo anthu a m'dera amatuluka kukakonza ngalande, misewu kapena nyumba ya wosauka. Mlendo samukakamiza, koma mwezi womwe ndinatuluka ndi khasu ndi womwe mwini nyumba anasiya kunditcha mlendo.

Bambo Mwale (Santhe):
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna kuti muione nkhaniyi kuchokera mbali inayo, pakuti ine kunja sindidapiteko, koma alendo odzipereka ndidawalandira ambiri. A ku America a Peace Corps adayamba kubwera m'dziko muno mu 1963, tisanalandire n'komwe ufulu, ndipo a ku Japan adayamba mu 1971. Pa sukulu ina yomwe ndidaphunzitsapo padabwera mtsikana wa ku Japan wophunzitsa masamu, ndipo nyumba yake idali yoyandikana ndi yanga. Tidamuseka mtsikana ameneyo, Mulungu atikhululukire. Tsiku lina adabwera kwa akazi anga atagwira pamimba n'kunena kuti ndili ndi mimba, pamene ankafuna kunena kuti m'mimba mukumupweteka, ndipo pofika madzulo nkhani idali itafika kumsika. Ankavula nsapato pakhomo paliponse, ankawerama popereka moni ngakhale kwa ana, ndipo ankafika pa msonkhano nthawi yeniyeni n'kukhala yekha pansi pa mtengo ola lathunthu. Masamu ankaphunzitsa bwino, koma m'mudzi adali mlendo basi.

Kenako mlonda wa pa sukulu adataya mwana. Palibe adamuuza mtsikana uja chochita, chifukwa tinkaganiza kuti alendo otere maliro sawakhudza. Usiku tidangoona wafika atamanga chitenje mokhota, n'kukakhala pansi pakati pa amayi m'nyumba ya siwa mpaka kucha, nyimbo osaidziwa ngakhale imodzi. M'mawa adanyamula ndowa kupita kumjigo, madzi theka akumuthira kumsana, ndipo amayi atamupatsa mthiko pa mphika waukulu adavundula mpaka manja adatuluka matuza. Kuyambira tsiku limenelo amayi a m'mudzi adamupatsa dzina loti Naphiri, ndipo atachoka anthu adamuperekeza mpaka pamsewu. Lero ukafunsa kumeneko, za masamu ake akumbukira ndi ochepa, koma za maliro aja akuuza aliyense wa msinkhu wanga.

Iwe Yamikani, kukayikira kwako sindikukunyoza, chifukwa kuli ndi mizu yake. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana pa ntchito pakati pa anansi, koma atsamunda adawasandutsa ntchito yokakamiza ya m'minda yawo, mpaka chidakhala chimodzi mwa zifukwa zomwe John Chilembwe adaukira mu 1915. Ndiye mtundu wathu uli ndi chifukwa chotcherera khutu munthu akamati gwira ntchito yaulere. Koma chaka chimodzi chomwe mtsikanayu wasankha yekha, ali ndi tikiti yobwerera m'manja, sindingachiike m'gulu limenelo. Chomwe ndingamuuze n'chakuti akasekedwa monga tidasekera Naphiri, ndipo asakathawire kuchipinda.

Tiyamike (Chamama):
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri ndipo zina ndawawerengera mayi. Iwo afunsa funso lomwe inenso linali kukhosi. Kodi n'zoona kuti anthu a kumeneko amataya makolo awo m'nyumba zimenezi n'kuwaiwala? Ndikuopa kuti ndikayamba kudana ndi ana a anthu omwe ndikuwasamalira.

Madalitso (Mtunthama):
Achemwali, inenso ndinapita ndi maganizo amenewo, ndipo sindinabwere nawo onse, komanso sindinawasiye onse. Panali gogo wina wa zaka 91 yemwe ndinkamuperekeza kumunda wa maluwa masana aliwonse. Pakhoma pa chipinda chake panali kalendala, ndipo tsiku limodzi pa mwezi linali lozunguliridwa ndi cholembera chofiira, tsiku lobwera mwana wake wamkazi kuchokera ku München. Ine mumtima ndinkati mwana wotani wobwera kamodzi pa mwezi. Chijeremani changa chitayamba kumveka, ndinawafunsa gogowo ngati sakanakonda kukhala kwa mwana wawo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati nyumba imeneyi anaisankha okha akadali ndi mphamvu, anagulitsa nyumba yawo kuti azilipira, ndipo sakufuna kuti mwana yemwe anamubereka azidzawasambitsa. Kwa iwo ulemu unali kusakhala mtolo wa munthu. Ndinadzazindikiranso kuti foni yomwe inkalira 6 koloko madzulo aliwonse, osaphonya, inali ya mwana yemwe uja. Nditawauza kuti kwathu agogo amagona ndi adzukulu m'nyumba imodzi, anandifunsa kuti nanga amene amawasamalira ndani, ndipo ndinayankha kuti ndi ana aakazi ndi apongozi. Anangoti, ndimadziwa. Yankho limenelo linandikhala mumtima masiku ambiri, chifukwa ndinakumbukira azakhali anga omwe anasiya sukulu kuti asamalire agogo, ife amuna tikungotamanda chikhalidwe chathu.

Koma zomwe sindinazolowere mpaka kubwera ndi imfa. Bambo wina wa pa chigawo chathu anamwalira m'bandakucha. Namwino anatsegula windo, anayatsa kandulo pakhomo pa chipinda, ndipo 8 koloko tinagawa chakudya cha m'mawa monga mwa masiku onse. Panalibe kulira, panalibe wobwera kudzagona pa maliro. Patapita masiku ochepa chipinda chinali chitapentedwa, ndipo mwambo woika phulusa lake unachitika patatha pafupifupi milungu itatu, pali anthu osakwana khumi. Ine tsiku lomwalira lija ndinalowa m'chipinda chosungiramo zofunda n'kuimba ndekha nyimbo ya maliro motsitsa mawu, chifukwa thupi langa linkakana kuti munthu angopita chonchi. Mnzanga wa ku ntchito anandipeza, sanandifunse kanthu, anangoima pambali panga mpaka ndinamaliza.

Yamikani (Nkhamenya):
Pa za azakhali aja mwandigwira pakamwa, achimwene, chifukwa kwathunso ndi mlongo wanga amene ali ndi agogo, ine ndili pa tauni. Koma maganizo anga pa ndalama sanasinthe. Achemwali a Tiyamike, musananyamuke muonetsetse kuti maola a ntchito, masiku opuma ndi inshulansi ya chipatala zalembedwa papepala lomwe muli nalo inuyo, osati lomwe lili mu ofesi ya wina.

Tiyamike (Chamama):
Ndamva achimwene, pepalalo ndili nalo ndipo ndiliwerenganso ndi maso amenewo. Funso lomaliza ndi la chikwama. Mayi ayamba kale kufutsa nkhwani ndipo akuti apita kuchigayo ndi ndowa ziwiri.

Mayi Nabanda (Kasungu boma):
Uwauze mayi ako kuti ndowa ziwirizo zitsale. Nyama ndi zamkaka zilizonse saloleza kulowa nazo, ndiye asavutike n'kuwamba nkhuku. Utenge ufa wochepa wa masiku omwe mtima udzafune kwanu, mfutso, nsinjiro ndi zitenje zingapo, zina zovala, zina zopatsa anthu, chifukwa mphatso imeneyo imakondweretsa kuposa zosema. Utengenso zithunzi zosindikiza za kwanu, za munda, za agogo ndi za phiri la Kasungu, pakuti okalamba ambiri saona bwino pa foni ndipo chithunzi chogwira m'manja chimayambitsa macheza ngakhale chilankhulo chikuvuta. Uwafotokozerenso mayi za nthawi yoimbirana foni. Ukamafika mu Seputembala wotchi yawo ndi yathu zidzakhala zofanana, koma Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza wotchi ndi ola limodzi mpaka kumapeto kwa Malichi, ndiye asadzadabwe ukamadzachedwa kuyankha.

Madalitso (Mtunthama):
Mthiko musaiwale, achemwali, ndipo ukhale wolimba, osati timithiko ta pamsewu topangira alendo. Ine ndinadzera ku Addis Ababa kukatsikira ku Frankfurt ndi zikwama ziwiri za makilogalamu 23, ndipo theka la zovala zomwe ndinanyamula sindinavale, chifukwa majuzi athu a mu Juni kumeneko sathandiza kanthu. Jekete langa la m'nyengo yozizira lili m'sutikesi kuno ku Mtunthama ndipo silikugwira ntchito iliyonse. Loweruka ndikubwera ku boma kudzagula mbewu, ndiye ngati mungafike pa depoti cha m'ma 10 koloko ndidzakupatsirani pomwepo, pamodzi ndi kabuku kanga komwe ndinkalembamo mawu a ku ntchito. Manja ake ndi aatali, koma telala aliyense wa pamsika akhoza kupinda.

Tiyamike (Chamama):
Ndidzafika, achimwene, ndipo ndidzabwera ndi amalume kuti za 49 euro zija adzamve kuchokera kwa inu.